Wapansi Kapena pa Chokwera: Mbiri ya Kaphunzitsidwe ka Aneni a Kayendedwe m'Chirasha

Aneni a kayendedwe, amene aphunzitsi a Chirasha amawatchula kuti glagoly dvizheniya, ndi kagulu kochepa ka aneni oyenda awiriawiri ngati ng'ombe zapagoli. Mabuku ambiri amawerenga magoli 14 otere, ena amawonjezerapo atatu kapena anayi. Munthu amene ali m'njira wapansi kulowera kumsika amati idu. Amene amapita kumsikako masiku onse amati khozhu. Akangokwera basi mawu awiriwa amatha ntchito, m'malo mwake pamabwera yedu ndi yezzhu. Chirasha chilibe mneni mmodzi wongonena kuti "kupita" basi. Woyankhula amayenera kusankhiratu ngati ulendowo ndi wa miyendo kapena wa chokwera, komanso ngati ndi wolunjika kumodzi kapena ayi.

Mwana wobadwira ku Tula kapena ku Omsk amadziwa zimenezi asanayambe sukulu, ndipo m'kalasi mwake sizikhala nkhani yotayirapo masabata. Amene anazisandutsa phunziro lokhala ndi dzina, mabuku akeake komanso mbiri yoopsa ndi alendo pamodzi ndi anthu amene ankawaphunzitsa. Choncho mbiri ya aneniwa siisiyana ndi mbiri ya ntchito yophunzitsa Chirasha kwa anthu obwera.

Magoliwo ndi akale kuposa Chirasha chenichenicho. Amapezeka m'Chisilavo chakale cha tchalitchi, chiyankhulo chimene Cyril ndi Methodius anayamba kumasuliramo Malemba cha m'ma 863. Akatswiri amati mneni wachiwiri wa pagoli poyamba ankasonyeza ntchito yobwerezabwereza, ndipo ankapangidwa posintha lembo la liwu la m'kati mwa tsinde kuti likhale o: nes- ndi nos- pa kunyamula, ved- ndi vod- pa kutsogolera, vez- ndi voz- pa kutenga chinthu pa chokwera. Mizu ina ili pachibale ndi mawu a Chilatini, monga idti ndi ire, kapena vezti ndi vehere. Palinso kachilendo kena kamene mbiriyi inasiya. Nthawi yakale ya idti ndi shol, mawu osafanana n'komwe ndi mwini wake, chifukwa anabwerekedwa ku muzu wa khodit. Chipolishi ndi Chicheki zinasunga magoliwa mpaka lero, pamene ziyankhulo za ku Bulgaria ndi ku Serbia zinataya mbali yaikulu ya kusiyanaku.

Kusiyana kwa aneni awiri a pagoli limodzi n'kosavuta kukufotokoza, vuto limabwera pakamwa. Woyamba, monga idti, amaonetsa munthu ali pakati pa ulendo umodzi, nkhope italoza kumene akupita. Wachiwiri, monga khodit, amatola zonse zotsala: chizolowezi, kuyendayenda popanda kolowera, luso loyenda ngati la khanda limene langoyamba kuponda pansi, komanso ulendo umodzi wopita n'kubwerako. Chomalizachi ndicho chimapunthwitsa ambiri. Wonena kuti vchera ya khodil v kino akutanthauza kuti dzulo anapita kukanema ndipo anabwerako, nkhani yatha. Akanena kuti vchera ya shol v kino, womvera amatchera khutu kudikira zotsatira, chifukwa chiganizocho chamusiya mwini wake ali pamsewu, ndiye payenera kubwera chimene chinamuonekera m'njiramo.

Alendo oyamba kuphunzira Chirasha mwadongosolo anali amalonda. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, amalonda a ku Germany, amene pambuyo pake anadziwika ndi mgwirizano wawo wa Hansa, anali ndi bwalo lamalonda ku Novgorod lotchedwa Peterhof. Ankagula zikopa zaubweya ndi phula la njuchi, n'kumagulitsa nsalu, mchere ndi siliva. Ankatumiza anyamata awo kukakhala pamakomo a eni dziko kuti akatole chiyankhulo, ndipo lusoli ankalibisa ngati chuma, moti mizinda ya ku Livonia inkaletsa kuti amalonda a ku Holland, omwe ankalimbirana nawo msika, aphunzitsidwe Chirasha. Ivan III anatseka bwaloli mu 1494, koma mwambo wotumiza anyamata sunathe. Mu 1607 ku Pskov, mnyamata wamalonda dzina lake Tönnies Fenne anamaliza buku lolemba pamanja la Chirasha ndi Chijeremani cha kumpoto, lodzaza ndi mindandanda ya mawu ndi ziganizo za pamsika: kunenerera mtengo, kukumbutsa ngongole, kudzudzula katundu woipa. Wophunzira wa nthawi imeneyo ankaloweza ziganizo zathunthu, ndipo mneni woyenera ankabwera ali kale m'chiganizomo.

Angerezi anafika kudzera kunyanja ya kumpoto. Richard James, m'busa amene anatsagana ndi akazembe a ku England mu 1618, anakhala nyengo yachisanu ku Kholmogory akulemba m'kope lake mawu amene ankamva. Buku loyamba losindikizidwa la malamulo a Chirasha choyankhulidwa linatulukira ku Oxford mu 1696. Analilemba m'Chilatini ndi Heinrich Wilhelm Ludolf wa ku Germany, amene anaona kuti anthu a ku Russia amayankhula Chirasha koma polemba amalemba Chisilavo cha tchalitchi.

Eni chiyankhulo nawonso anatenga nthawi kuti apeze poika aneniwa. Mikhail Lomonosov, m'buku lake la malamulo a Chirasha limene analemba mu 1755 n'kusindikizidwa mu 1757, anawerenga nthawi khumi za aneni. Anatero chifukwa ankayeza Chirasha ndi muyeso wa ziyankhulo za kumadzulo, zimene zimasiyanitsa zinthu zambiri pogwiritsa ntchito nthawi. Olemba a m'zaka za m'ma 1800, monga Nikolai Grech mu 1827, anachepetsa nthawizo n'kuika patsogolo chimene Chirasha chimati vid, kaonekedwe ka ntchito. Poyamba m'thumba la vid ankaponyamo zambiri, kuphatikizapo kusiyana kwa idti ndi khodit. Pambuyo pake vid anatsala ndi mbali ziwiri zokha, ntchito yotsirizika ndi yosatsirizika, ndipo apa zinaoneka kuti idti ndi khodit onse awiri ndi a ntchito yosatsirizika. Kusiyana kwawo kunayenera kupatsidwa nyumba yakeyake. Mayina ake akhala akusintha: ena amati mneni wotsimikizika ndi wosatsimikizika, pamene mabuku ambiri a masiku ano amati wolunjika kumodzi ndi wosalunjika kumodzi.

Mpaka m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa Soviet Union, alendo ophunzira Chirasha anali ochepa. Sukulu ya ndale ya KUTV ku Moscow, imene inatsegulidwa mu 1921 n'kutsekedwa mu 1938, inalandira anthu a ku Asia ndi a ku Africa owerengeka, mmodzi mwa iwo Jomo Kenyatta mu 1932. M'chaka chomwecho cha 1938 boma linalamula kuti Chirasha chiziphunzitsidwa m'sukulu zonse za mitundu ina ya m'dzikolo, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, lamulo lofanana nalo linafika m'maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Kenaka ophunzira a ku China, Korea, Vietnam ndi maiko ena anayamba kufika m'mayunivesite a ku Moscow ndi Leningrad. Yunivesite ya boma ya ku Moscow inatsegula dipatimenti yophunzitsa Chirasha kwa alendo mu 1951, ndipo mu 1954 inayambitsa maphunziro okonzekeretsa achinyamata obwera asanalowe m'makalasi enieni. Stalin atamwalira komanso maiko a mu Africa ndi Asia atayamba kulandira ufulu, khomo linatseguka kwambiri. Mu February 1960 kunakhazikitsidwa Yunivesite ya Ubwenzi wa Anthu a Mitundu, imene chaka chotsatira inapatsidwa dzina la Patrice Lumumba ataphedwa ku Congo. Ophunzira ake oyamba, oposa 500, anayambira m'kalasi ya chiyankhulo mu October 1960.

Kalasi imeneyi ndiyo ophunzira ankaitchula mwachidule kuti podfak, kutanthauza gawo lokonzekera. Magawo otere anafalikira ku Leningrad, Kiev, Kharkov, Minsk, Voronezh, Rostov-on-Don, Baku, Tashkent ndi mizinda ina. Ntchito yake inali yolemera: m'miyezi pafupifupi khumi, munthu wosadziwa ngakhale lembo limodzi la Chirasha azitha kumva mphunzitsi wa zaudokotala kapena zomangamanga akuyankhula pa liwiro la eni ake. Miyezi yoyamba inali ya Chirasha chokhachokha, kenaka ankawonjezera masamu ndi sayansi m'Chirasha chomwecho. Magulu ankakhala aang'ono, nthawi zambiri osapitirira anthu khumi. Aphunzitsi ambiri anali amayi, ndipo ophunzira ankawaitana mwaulemu wa kumeneko, potchula dzina lawo pamodzi ndi la bambo awo. Popeza m'gulu limodzi munkatha kukhala woyankhula Chiarabu, wina Chisipanishi, wina Chipwitikizi, kumasulira sikukanathandiza aliyense. Mphunzitsi ankadalira choko, zithunzi ndi miyendo yake.

Apa ndi pamene panakhwimira kaphunzitsidwe kamene kali m'mabuku mpaka lero. Pabolodi ankajambula muvi umodzi woloza kutsogolo, pansi pake n'kulemba idti. Pambali pake mivi iwiri, wopita ndi wobwerera, kapena mzere wokhotakhota, n'kulemba khodit. Mphunzitsi ankanyamuka kulunjika kuchitseko akuti idu, kenaka n'kumazungulira m'kalasimo manja ali kumbuyo akuti khozhu. Cholakwa chimene gulu lililonse linkachita chinali chimodzimodzi. Wophunzira wa ku Moscow wofuna kunena kuti akupita ku Leningrad patchuthi ankati ya idu v Leningrad, ndipo yankho la mphunzitsi linali liwu limodzi lofunsa, peshkom, ndiko kuti "wapansi?" Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 650. Amene wasekedwa kamodzi pa zimenezi saiwalanso yedu.

Lamulolo likangokhazikika m'mutu, mphunzitsi yemweyo ankayamba kuligwedeza. Munthu wopita kukaonera sewero mumzinda womwewo amati idu ngakhale akwere sitima yapansi panthaka, chifukwa chimene akunena ndi kumene akupita, osati chomufikitsa. Basi ndi sitima zoyenda pa ndandanda yake "zimayenda wapansi" m'Chirasha, avtobus idyot, pamene wokwera m'kati mwake yedet. Mvula nayo idyot, chimodzimodzi nthawi, kanema ndi nkhondo. Chovala chikamukhala bwino munthu amati "chikumupitira". Wovala magalasi amagwiritsa ntchito nosit, mneni wa kunyamulanyamula, ndipo wodziwa kuyendetsa galimoto amagwiritsa ntchito vodit, wa kutsogoleratsogolera. Poletsa munthu kupita kwinakwake amati ne khodi, kusankha mneni wachiwiri ngakhale ulendowo uli umodzi. Ngakhale Yuri Gagarin, ponyamuka ulendo wake wa mumlengalenga pa 12 April 1961, sanatenge mneni wa kuuluka. Anati poyekhali, mawu amene munthu amauza woyendetsa ngolo kuti tiyeni tizipita.

Aneni a kunyamula ndiwo amaonetsa bwino kuti chiyankhulo chilichonse chimadula nyama mfundo zake. Chichewa chimayang'ana pamene katundu wakhala: kusenza ndi pamutu, kubereka ndi kumsana. Chirasha sichisamala zimenezo. Chimafunsa ngati wonyamulayo ali wapansi katundu ali m'manja kapena pathupi, amene ndi nesti, ngati katunduyo ali pa chokwera, amene ndi vezti, kapena ngati chotengedwacho chikuyenda chokha ndi miyendo yake, ngati mwana wogwiridwa dzanja, amene ndi vesti. Tsoka lake, vezti ndi vesti amamveka chimodzimodzi pakamwa, ndipo vozhu angathe kukhala wa vodit kapena wa vozit. Ophunzira zaudokotala analinso ndi nthabwala yawo yokonzeka kale, chifukwa lechu amatanthauza "ndikuuluka" komanso "ndikuchiza".

Chigawo chachiwiri cha phunziroli, chimene chinkatenga masabata ambiri, ndi cha aphatikiri oikidwa kumayambiriro kwa mneni. Pri- ndi kufika, u- ndi kuchoka, v- kulowa, vy- kutuluka, pod- kuyandikira, ot- kufutuka, pere- kuoloka, do- kukafika mpaka pamalo, za- kupatukira penapake pang'ono, ob- kuzungulira. Mphatikiri wotere akangolumikizidwa, kusiyana kwa ulendo wolunjika ndi wosalunjika kumazimirira, ndipo goli lija limasanduka la ntchito yotsirizika ndi yosatsirizika: priyti ndi prikhodit, uyti ndi ukhodit. Matsinde ena amasintha panjira, moti mnzake wa priyekhat si yezdit wokhala ndi pri- koma priyezzhat. Kusiyana kwa miyendo ndi chokwera kokha ndiko sikuchoka. Pano woyankhula Chichewa amapeza pogwira. Brat priyekhal ndi "achimwene abwera", ali pomwe pano. Brat priyezzhal ndi "kunabwera achimwene", ndipo womvera amadziwa kuti anabwerera kale.

Chifukwa chimene chigawochi chimalemerera anthu a ziyankhulo zina chinafotokozedwa bwino ndi katswiri wa ku America, Leonard Talmy, mu 1985. Iye anaonetsa kuti ziyankhulo zina zimaika njira m'kati mwa mneni, n'kusiya kayendedwe kuti kanenedwe pambali ngati kakufunika. Chifalansa ndi Chisipanishi zili m'gulu limeneli, ndipo Chichewa chimachitanso chimodzimodzi ndi kulowa, kutuluka, kukwera, kutsika ndi kuoloka. "Anatuluka akuthamanga" ndi mawu awiri, ndipo lachiwirilo likhoza kusiyidwa. Chirasha chimatembenuza zimenezi. Kayendedwe kamakhala mu tsinde, njira imakhala mu mphatikiri, ndipo zonse zimatuluka m'liwu limodzi, vybezhal. Wophunzira amakakamizidwa kunena chinthu chimene kwawo akanachisiya osachitchula. Komabe Chichewa sichili kutali monga zimaonekera, chifukwa -ka- ndi -dza- wa mu "kukagula" ndi "kudzagula" amasenzanso njira m'kaphatikizo kakang'ono.

M'zaka za m'ma 1960 luso la m'makalasi amenewa linasanduka ntchito yokhala ndi maofesi ndi mabuku ake. Mu 1966 payunivesite ya ku Moscow panakhazikitsidwa likulu loona za kaphunzitsidwe ka Chirasha, limene mu 1973 linakhala sukulu ya Chirasha yotchedwa dzina la Pushkin, motsogozedwa ndi Vitaly Kostomarov. Mu 1967 ku Paris kunabadwa MAPRYAL, bungwe la aphunzitsi a Chirasha a padziko lonse, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Viktor Vinogradov. M'chaka chomwecho inayamba kutuluka magazini ya aphunzitsi a Chirasha a kunja. Aneni a kayendedwe anafika pokhala ndi mabuku awoawo. Lodziwika kwambiri ndi la L. Muravyova, lonena za aneniwa okhaokha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, limene linasindikizidwa kangapo ndi mafotokozedwe a m'ziyankhulo zina. Ntchito zake zambiri ndi zodzaza mipata ndi zofotokoza zithunzi. Njira yotereyi imatopetsa, ndipo ena amaidandaula kuti imaphunzitsa munthu kukhoza mayeso kuposa kucheza, koma n'zovuta kutsutsa kuti inatulutsa madokotala ndi mainjiniya amene anamva maphunziro awo onse m'Chirasha patangotha chaka chimodzi.

Kumadzulo Chirasha chinkaphunziridwa pa zifukwa zina. Dziko la Britain linali ndi sukulu ya asilikali ya ziyankhulo kuyambira mu 1951 mpaka 1960, ku Bodmin, Coulsdon ndi Crail, kumene anyamata pafupifupi 5,000 anaphunzira Chirasha kuti azimvetsera mauthenga a pawailesi a asilikali a Soviet Union kapena kumasulira. Ena mwa iwo, monga Michael Frayn ndi Alan Bennett, anadzakhala alembi otchuka. Ku America, chombo cha Soviet Union chotchedwa Sputnik chitakwera kumwamba mu October 1957, boma linakhazikitsa lamulo mu 1958 lopereka ndalama zophunzitsira sayansi ndi ziyankhulo, ndipo makalasi a Chirasha anadzaza. Womvetsera wailesi ya woyendetsa ndege sakanatha kuona kusiyana kwa vyletel ndi priletel ngati nkhani ya mayeso chabe, poti woyamba akunena kuti ndege yanyamuka, wachiwiri kuti yafika.

Anthu a kumwera kwa Africa anadutsanso m'makalasi a podfak. José Eduardo dos Santos wa ku Angola anaphunzira za mafuta ku Baku n'kumaliza mu 1969. Dziko la Zambia linkatumiza ophunzira m'nthawi ya Kenneth Kaunda, ndipo la Mozambique linatumiza ambiri litalandira ufulu mu 1975. Boma la Kamuzu Banda silinkafuna ubale ndi maiko achikomyunizimu, choncho Amalawi amene anafika kumeneko m'zaka zimenezo anali ochepa, makamaka amene anali kale kunja kwa dziko, monga Attati Mpakati amene anadzatsogolera chipani cha LESOMA. Wojambula makanema wa ku Mauritania, Abderrahmane Sissako, anaphunzira Chirasha chaka chimodzi ku Rostov-on-Don, ndipo kanema wake Rostov-Luanda ndi ulendo wokafunafuna mnzake wa ku Angola amene anadziwana naye m'chaka chimenecho.

Pofika 1990 m'dziko la Soviet Union munali ophunzira akunja oposa 120,000. Dzikolo litagawikana mu 1991 chiwerengerocho chinatsika, maiko a kum'mawa kwa Ulaya anasiya kukakamiza Chirasha m'sukulu, ndipo Yunivesite ya Ubwenzi ija inachotsa dzina la Lumumba mu 1992, kufikira pamene linabwezeretsedwa mu 2023. Magawo okonzekera sanatsekedwe, kungoti ophunzira ambiri anayamba kudzilipirira okha.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma la Russia linakhazikitsa mayeso a Chirasha a alendo otchedwa TRKI, okhala ndi makwerero asanu ndi limodzi. Dongosolo lake linatengera zimene aphunzitsi a podfak ankachita kale. Pakhwerero loyambira wophunzira amafunsidwa magoli awiri okha, idti ndi khodit, yekhat ndi yezdit, pamodzi ndi aphatikiri po-, wa kuyamba ulendo, ndi pri-. Makwerero otsatira amawonjezera aphatikiri ena, kenaka aneni a kuthamanga, kuuluka, kusambira ndi kunyamula. Chiphaso cha khwerero lachitatu, chotchedwa TRKI-1, ndicho chimayeza ngati munthu wakonzeka kuyamba maphunziro a payunivesite. Aneni osowa monga bresti, kuyenda mokoka miyendo, ndi polzti, kukwawa, pamodzi ndi matanthauzo ophiphiritsa a aneni onsewa, amasungidwira makwerero apamwamba.